Tinakonza masiku atatu ku Gold Reef City, koma ana anakwanitsa awiri

Chibwerereni kuchokera ku Johannesburg, makolo anzanga angapo a kuno ku Chitakale ndi a ku Mulanje boma akhala akundifunsa funso limodzi, lakuti banja lokhala ndi ana aang'ono liyenera kukonza masiku angati okasangalala ku paki ya masewera ngati ya Gold Reef City. Tikakumana pamsika kapena potuluka m'tchalitchi ndimayankha mwachidule, koma yankho lachidule silimuthandiza mokwanira munthu amene wasunga ndalama chaka chathunthu kuti ana ake akaone zachilendo. N'chifukwa chake ndaganiza zofotokoza bwinobwino mmene ife tinayendera, pomwe ndinalakwitsa powerengera, ndi mmene ndimawerengera masiku tsopano.

Ndine mphunzitsi wa kupulayimale ndipo ine ndi amuna anga tili ndi ana atatu. Pamene tinkanyamuka mu Disembala 2023, chisamba wathu, mnyamata, anali ndi zaka 10. Wachiwiri, mtsikana, anali ndi zaka 6. Ndipo mzime, mnyamatanso, anali atangokwanitsa zaka 3. Achimwene anga akhala ku Joni zaka zambiri, kudera la Turffontein, lomwe silitalikirana ndi pakiyi, ndipo anali atatiitana kangapo kuti ana akawaone amalume awo. Ndalama ya ulendo ndinasonkhanitsa kubanki mkhonde, koma mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mwakuti marandi amene ndinkayembekezera kugula anachepa kwambiri. Zimenezi zinandilowetsa maganizo amene anadzasokoneza dongosolo lonse. Ndinkaona kuti popeza ulendowu watidyera zambiri, tsiku lililonse lokhala pakhomo pa achimwene lidzakhala ndalama yotayika. Choncho ndinalemba m'kope langa kuti tikafika Lachiwiri, Lachitatu mpaka Lachisanu tidzakhala ku Gold Reef City, kenako tidzakwera basi ya ku Durban kukakhala masiku ena awiri ku uShaka Marine World, paki ya zamoyo za m'nyanja.

Chimene sindinachiwerengere n'chakuti ulendo wokafika ku Joni pabasi ndi ntchito payokha. Tinachoka ku Chitakale mbandakucha paminibasi ya ku Limbe, n'kukakwera basi yaikulu ku Blantyre. Kuchokera pamenepo ndi chipata cha Mwanza ndi Zobue, mlatho wa Zambezi ku Tete, chipata cha Nyamapanda, mzinda wa Harare, kenako Beitbridge, ndipo pachipata chilichonse ana amayenera kudzutsidwa, kutsika ndi kuima pamzere kuti mapasipoti adindidwe. Tinafika pa depoti ya basi ya Park Station ku Joni titayenda usana, usiku ndi usana wina, mzime ali wofooka ngati nsanza yonyowa. Alamu anga atamuona anati, “Alamu, mwanayu musapite naye kulikonse mawa, mumusiye agone.” Ndinawathokoza chifukwa cha malangizowo koma sindinawatsatire, poganiza kuti mwana akagona usiku umodzi pabedi labwino mphamvu zimabwerera. Chokhacho chimene ndinamvera ndi mawu a achimwene akuti ndisagule matikiti a masiku atatu nthawi imodzi, ndipo mawu amenewa ndi amene anapulumutsa ndalama yathu.

Gold Reef City inamangidwa pamalo pomwe panali mgodi wa golide umene unatsekedwa mu 1971, ndipo nyumba zake zambiri zinamangidwa motengera mmene Johannesburg inkaonekera nthawi imene anthu ankathamangira golide. Titangolowa, ana onse atatu anakhala chete ndi kudabwa, maso ali pa chigudumu chachikulu chonyamula anthu m'mwamba ndi pa njanji zopindikapindika zomwe tisitima tinkathamangapo anthu akukuwa. Chisamba anathamangira ku chokwera chotchedwa Anaconda, chimene munthu amakhala atalendewera kunsi kwa njanji miyendo ili m'malere, ndipo mlongo wake anamutsatira. Pakhomo pake panali choyezera msinkhu. Mnyamatayo anapitirira mzere wa mamita 1.3 mosavuta. Mtsikanayo anaima tsonga, n'kukweza chibwano, kenako n'kuimirira ndi zala za kumapazi, koma mzere unali pamwamba pa mutu wake pafupifupi chikhatho changa chonse. Wogwira ntchito pamenepo anagwada n'kumuuza mofatsa kuti abwere akadzakula pang'ono. Mwanayo sanalire nthawi yomweyo. Anatembenuka n'kundifunsa kuti, “Amayi, ndiye ine ndabwera kudzatani kuno?”

Funso limeneli linandilasa mtima chifukwa cholakwa chinali changa. Lamulo la msinkhu ndi loyenera, popeza zitsulo ndi malamba ogwira munthu pampando anapangidwira thupi la ukulu winawake, ndipo mwana wamfupi angathe kupulumuka pansi pake sitima ikamatembenuka. Zokwera zazikulu zambiri za kumeneko, monga Anaconda ndi Tower of Terror, zimayendera msinkhu osati zaka. Ndikanamuyeza mwanayo ndi tepi ya telala tisanachoke ku Mulanje, ndikanamukonzekeretsa mtima, ndiponso ndikanadziwa kuti zimene iye angakwere si zochuluka moti n'kudzaza masiku atatu.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti banja lokhala ndi ana osiyana misinkhu likalowa m'paki imodzi limakhala ngati lalowa m'mapaki atatu. Chisamba ankafuna zothamanga ndi zogwetsa mtima, ndipo chifukwa mu Disembala sukulu za ku South Africa zimakhala pa tchuthi chachitali, mizere inali italiitali, mwakuti iye ndi bambo ake ankaima mphindi 40 kapena kuposerapo kudikira chinthu chotha m'mphindi ziwiri. Mtsikana anapeza zake ku chigawo cha ana, monga timagalimoto togundana ndi tisitima toyenda pang'onopang'ono, ndipo alamu anga ndi amene ankamuperekeza. Mzime anakonda akavalo ozungulira basi. Anawakwera kanayi motsatizana atagwira chitsulo ndi manja onse awiri, ndipo china chilichonse anachikana. Mkuwo wa anthu okwera zikuluzikulu unkamuopsa moti ankabisa nkhope m'chitenje changa. Pofika 1 koloko masana anali atagona kumsana kwanga, ndipo ndinakhala naye pabenchi pamthunzi maola awiri, thukuta lake ndi langa litanyowetsa bulauzi yonse, ndikungoona ena akudutsa.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo ngakhale mphepo yake imamveka yozizirira poyerekeza ndi kutentha kwa ku Muloza kapena ku Nsanje, dzuwa lake limawotcha khungu mosazindikira. M'nyengo ya dzinja mvula ya mabingu imakonda kubwera masana. Tsiku limenelo inagwa cha m'ma 3 koloko, ziphaliwali zikung'anima, zokwera zazitali zinaimitsidwa kaye monga kuyenera, ndipo tonse tinathithikana pakhonde la sitolo ina. Tinafika kunyumba madzulo ana ali onyowa, anjala ndi okwiyitsana.

Usiku umenewo mzime anatentha thupi. Kholo lililonse la ku Mulanje likudziwa chimene chimabwera m'mutu mwana akatentha thupi mu Disembala, ndipo pano ndikufuna kutsindika chinthu chimene chingapulumutse moyo. Ku Johannesburg kulibe malungo ofala ngati kwathu, choncho achipatala sangafulumire kuwaganizira pokhapokha muwauze kuti mwanayo wachokera ku Malawi ndipo wadutsa ku Tete masiku apitawa. M'mawa tinapita naye kuchipatala china chapafupi, ndinanena zimenezi poyambirira penipeni, ndipo anamubaya chala n'kumuyeza. Malungo sanapezeke. Anatiuza kuti mwanayo watopa kwambiri, wapsa ndi dzuwa ndiponso sanamwe madzi okwanira, ndipo anatilangiza kuti apume masiku angapo.

Titabwerera kunyumba ndinayambanso kuwerengera mmene tingabwezeretsere tsiku lotayikalo, ndipo achimwene anandiletsa. Anati, “Achemwali, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Inu mukuwerenga marandi, koma amene akuyenda ndi mapazi a mwana wa zaka zitatu. Pakiyi sichoka, ana ndi amene angakudwalireni.” Sindinakondwe nawo mawuwo nthawi imeneyo, koma ndinatenga kope lija n'kufufuta ulendo wa ku Durban. Mzindawu uli pa makilomita oposa 550 kuchokera ku Johannesburg, kutanthauza tsiku lina lathunthu pabasi popita ndi linanso pobwerera, pamwamba pa ulendo wautali wobwerera kumudzi. Ndinkafunitsitsa kuti ana akaone nyanja ya mchere, ma dolphin ndi nsomba zosungidwa m'nyumba yooneka ngati sitima yapamadzi yosweka, ndipo mpaka lero ndimamva chisoni kuti sanazione, komabe ndikudziwa kuti mzime sakanakwanitsa.

Tinakhala pakhomo masiku awiri athunthu. Ana ankagona mpaka dzuwa litakwera, kudya nsima ndi nandolo amene tinawatengera alamu, ndi kusewera mpira pabwalo ndi asuweni awo. Tsiku lachitatu tinapita ku Johannesburg Zoo kwa theka la tsiku, kumene kuli mitengo ya mthunzi ndi kapinga woyalapo chitenje, ndipo kulibe mzere woti mwana aimepo nthawi yaitali. Ndinaona kuti mzime anasangalala kwambiri kuona njovu ndi anyani kuposa chilichonse cha kupaki kuja, kupatula akavalo ake aja.

Tsiku lachiwiri la ku Gold Reef City linabwera patatha masiku anayi kuchokera pa loyamba lija, ndipo linali losiyana kotheratu. Usiku wake tinayala mapu a pakiyo patebulo, ndipo mwana aliyense anasankha zinthu zitatu zimene msinkhu wake ukumulola. Mtsikana, popeza tsopano ankadziwa zimene sangakwere, sanayang'anenso ku Anaconda, ndipo anasankha chigudumu chachikulu chija kuti akaone mzinda wonse ali pamwamba. Tinafika zipata zikutsegulidwa, mizere isanatalike, ndipo aliyense anali ndi chipewa ndi botolo lake la madzi. Chisamba ndi bambo ake anayambira zikuluzikulu n'kumaliza zitatu ola limodzi lisanathe. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, ine, alamu ndi ana awiri aang'ono tinanyamuka kubwerera kunyumba ana akadali kuseka, mvula isanayambe. Kunena zoona, kuchoka pamalo olipira dzuwa likadali pamutu kunandivuta mumtima, koma madzulo ake mtsikana anakhala akufotokozera asuweni ake zonse zimene anaona, pamene tsiku loyamba lija anangofika n'kugona osalankhula ndi munthu.

Chisamba anatsala ndi bambo ake mpaka madzulo, ndipo ndi iye amene tsiku lachiwirili linamupindulira koposa. Anatsika nawo mumgodi wakale uja atavala chipewa cholimba, n'kuona njira zamdima zomwe anthu ankakumbamo miyala ya golide. Malemu agogo ake, bambo anga, anali m'gulu la amuna ambirimbiri a kuno amene anapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, dzina limene latsalira pa depoti ya basi ya ku Blantyre. Iwo sanagwire pa mgodi umenewo, koma mwanayo atatuluka anafunsa mafunso ambiri okhudza agogo ake, mpaka achimwene anakhala naye usiku akumufotokozera. Mwana wa zaka 10 angathe kulandira zinthu zoterezi, koma pokhapokha ngati njala ya zokwera yatha kale. Tsiku loyamba sakanalola kuti ola lake lithere pansi pa nthaka.

Amuna anga amaona nkhaniyi mosiyana pang'ono ndi ine, ndipo ndi bwino ndinene. Iwo amati chisamba tinamumana, chifukwa akanatha kupita masiku atatu kapena anayi osatopa, ndipo si chilungamo kuti mwana wamkulu nthawi zonse azitsatira mphamvu za mng'ono wake. Mfundoyi ili ndi nzeru. Yankho langa ndi lakuti chimene chimathetsa vutoli si kuwonjezera masiku a banja lonse, koma kukhala ndi akuluakulu okwanira kuti banja lithe kugawikana. Tikanakhala awiri okha, popanda alamu, tsiku lachiwiri lija silikanatheka mmene linathekera. Choncho amene akupita ndi ana atatu ali yekha kapena ali awiri awerengere masiku ochepa kuposa amene ali ndi achibale omuthandiza, ndipo ngati ndalama ilipo yokwanira tsiku lachitatu, lipatsidwe kwa mwana wamkulu ndi kholo limodzi, ena atsale kunyumba.

Tsopano munthu akandifunsa za masiku, ndimayamba ndamufunsa zaka za mwana wake wamng'ono ndi msinkhu wa aliyense. Mwana wosakwana zaka 4 tsiku lake la kupaki limatha nthawi ya nkhomaliro, ndipo theka la tsiku limodzi limamukwanira, chifukwa zimene amakonda ndi ziwiri kapena zitatu zomwe amafuna kuzibwereza. Mwana wa zaka 5 mpaka 7 amene sanafike mamita 1.3 amamaliza zonse zomuyenera tsiku limodzi, ndipo lachiwiri limamukomera ngati wapuma pakati. Amene wapitirira msinkhuwo ndi amene amafunadi masiku awiri, makamaka nthawi ya mizere italiitali. Banja losakanikirana ngati lathu ndimalilangiza masiku awiri, osatsatizana, pakati pake pakhale tsiku limodzi kapena awiri opuma. Tsiku lotsatira kufika lisawerengedwe, ndipo tsiku loti mawa lake mukukwera basi yobwerera lisawerengedwenso. Munthu akachotsa masiku amenewa pa ulendo wa masiku 10 aona yekha kuti malo a paki yachiwiri ya mumzinda wina palibe, pokhapokha ngati akuyenda pandege.

Pali njira yodziwira mphamvu za mwana musanawononge ndalama, ndipo ife a ku Mulanje tili nayo pakhomo. Tengani ana Loweruka lina mupite nawo ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, muyende nawo kukwera mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo muone nthawi imene wamng'ono ayambe kupempha kuberekedwa, nthawi imene ayambe kulira popanda chifukwa, ndi mmene adzukire mawa lake. Anyamata operekeza alendo m'phirimu amadziwa kuti gulu limayenda ndi liwiro la munthu wofooka kwambiri, ngakhale ena ali ndi mphamvu zokafika pa Sapitwa. Ine ndakhala m'munsi mwa phiri limeneli moyo wanga wonse ndipo ndinkazidziwa zimenezi, koma sindinaganize kuti zikugwiranso ntchito pamalo a simenti ndi zitsulo, kumene mwana amayenda ndi kuima padzuwa maola 6 kapena 7, phokoso lili m'makutu.

Nkhani ya nyengo imasinthanso chiwerengero cha masiku. Tchuthi chathu cha Disembala ndi chachifupi ndipo chimagundana ndi tchuthi chachikulu cha ku South Africa, pamene malo onse osangalalira amadzaza. Tchuthi chathu chachitali chimagwa mu Ogasiti, nthawi imene ana a kumeneko ali m'kalasi, choncho pakati pa sabata mizere imafupika ndipo zimene zikanatenga masiku awiri zingathe kutheka tsiku limodzi ndi theka. Mvula ya mabingu imakhala kulibe, koma m'mawa kumazizira kuposa chiperoni chathu, mwakuti majuzi ndi masokosi ndi ofunika, ndipo zokwera zonyowetsa monga za mumtsinje wochita kupanga si zoti mwana wamng'ono akwere m'mawa. Kunja kwa tchuthi cha sukulu za kumeneko pakiyi sitsegula masiku onse a sabata, choncho onani masiku ake pa intaneti kapena mufunse achibale anu musanalembe dongosolo. Matikiti gulani a tsiku limodzi, ndipo za tsiku lachiwiri mukagamule mutaona mmene ana adzukira.

Titabwerera ku Chitakale mu Januwale, mtsikana anatenga tepi yanga yoyezera nsalu n'kupempha bambo ake kuti alembe mzere wa mamita 1.3 pa felemu la chitseko cha kuchipinda kwawo. Kumapeto kwa teremu iliyonse amavula nsapato, kuima chitsamire felemulo, ndipo mchimwene wake amaika rula pamutu pake n'kulemba ndi pensulo pamene wafika. Mizere ya pensuloyo yakhala ikukwera pang'onopang'ono, ndipo pamene tinamuyeza komaliza panatsala zala zanga ziwiri. Tagwirizana ndi achimwene kuti akadzangofika pamzerewo tidzapita mu Ogasiti, ndipo m'kope langa ndalembamo kale kuti tsiku loyamba ndi lachiwiri n'zogona, lachitatu ndi la kupaki, lachinayi ndi lachisanu n'zopuma, ndipo lachisanu ndi chimodzi ndasiya mpata wosalembamo kanthu kufikira titaona mmene mzime adzakhalire.